Campanula wangochita masamba, duwa ayi: kodi ndizule?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti anafesa njere za duwa lotchedwa Campanula chaka chatha, zinamera bwinobwino, koma mpaka lero ndi masamba okhaokha, duwa ngakhale limodzi ayi. Zina zinafota mvula itachuluka, chonsecho dothi linali chinyontho chokhachokha. Funso lawo ndi loti azule n'kuyambiranso kapena ayi.

Musazule mayi, chonde. Campanula wokhalitsa, monga Campanula persicifolia amene amatalika masentimita 60 mpaka 90, nthawi zambiri chaka choyamba amangounjika masamba pansi ngati kachisa, uku akumanga mizu. Chaka chachiwiri m'pamene amatulutsa timitengo tokhala ndi maluwa abuluu kapena oyera, ooneka ngati timabelu. Dzina lakelo ndi la Chilatini, kutanthauza kabelu kakang'ono. Ndiye chomwe mukuonacho si matenda, ndi msinkhu chabe.

Za kufotazo ndiye zandidetsa nkhawa pang'ono. Duwali silifuna kuti mizu yake ikhale m'madzi. Kumbani chimodzi mwa zofotazo muone. Mizu yamoyo imakhala yoyera ndi yolimba. Mukapeza yabulauni, yoterera, yongosupuka mukaigwira, dziwani kuti yaola. Ambiri akaona masamba akulendewera amathamangira kuthirira, osadziwa kuti akumaliza okha chomeracho. Kwezani bedi, sakanizani dothi ndi mchenga komanso manyowa owola bwino. Musanathirire, pisani chala m'dothi. Ngati mwamva chinyezi, bwezani keni. Feteleza wa nayitrojeni wambiri naye amangonenepetsa masamba, maluwa n'kusowa.

Mitundu yambiri ya Campanula kwawo ndi kumadera ozizira. Campanula carpatica, kamtundu kakafupi, kanachokera kumapiri a Carpathian ku Ulaya. Ngati kwanuko kumatentha, mupatseni malo owomba dzuwa lam'mawa, masana pakhale kamthunzi.

Nkhono nazo muzisamale. Zimadya masamba anthete usiku n'kusiya kanjira konyezimira. Ine ndimangotuluka ndi tochi kukada n'kumazitola pamanja, ngakhale sintchito yosangalatsa.

Akadzayamba kuchita maluwa, muzidula aliwonse ofota kuti ena atuluke. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi, tsinde likadzadzana, likumbeni n'kuligawa, mudzale padera zigawo zam'mbali zomwe zili ndi mphamvu. Mukafuna kufesanso njere, musazikwirire. Ndi zing'onozing'ono ngati fumbi ndipo zimafuna kuwala kuti zimere, choncho mungozitsindira pamwamba pa dothi lonyowa.

Chimodzi chokha ndikupempheni muonetsetse: dzina lolembedwa papaketi ya njere zija. Likakhala Campanula medium, ameneyo ndi wa zaka ziwiri basi, akachita maluwa amafa, ndiye mudzasunge njere. Koma likakhala Campanula rapunculoides, pamenepo ndiye ndisintha mawu anga. Mizu yake imayenda pansi n'kulanda dimba lonse, ndipo kachidutswa kotsalira kamaphukanso. Ameneyo musamutsireni mumphika lero lomwe.