Yankho kwa msuweni wanga pa za ndalama ya wailesi

Asuweni, mwaswera bwanji ku Ulónguè? Ndaliona funso lanu m'gulu lathu la banja, loti kodi ndalama ija amadula mukamagula magetsi olipiriratu a Credelec, yolembedwa kuti taxa de radiodifusão, ndi yachiyani, ndiponso ngati munthu angathe kuikana. Ndalamayo imapita ku Rádio Moçambique, ndipo amaidulira limodzi ndi magetsi. Koma inu ndimakudziwani kuyambira muli kumbuyo kwa azakhali, simunalirepo chifukwa cha mametikali ochepa, inu amene mumathera ndalama pa foni ngati muli ndi dimba la kachewere ku Tsangano. Chimene chikukuwawani ndi mkangano wa Lamulungu uja, pamene bambo anu anakuuzani kuti muzimitse foni kuti amve nkhani za pa wailesi, inu n'kuwayankha kuti wailesi ya boma ndi ya chipani cholamula. Ndiye ndiyankha zimenezo.

Koma ndiyambe ndi amalume a ku Dómuè, bambo anu aakulu aja, chifukwa inu munawapeza atakalamba kale. Pamene tinkathawira ku Dedza mu 1987... ayi, pepani, munali mu 1986, chifukwa mvula inali isanayambe ndipo Pulezidenti Samora Machel anali akadali moyo... amalume anasiya mbuzi, anasiya nkhokwe yodzaza, koma wailesi yawo ya Xirico anaikulunga m'chitenje cha agogo n'kuisenza pamutu mpaka kuwoloka malire. Agogo anawakalipira njira yonse kuti munthu wanzeru akanatenga mphika. Patangopita masabata ochepa, wailesi yomweyo inayamba kuimba nyimbo zachisoni kuyambira m'mawa, anthu osadziwa chimene chachitika, kenaka n'kulengeza kuti ndege ya Samora Machel yagwa ku Mbuzini usiku wa pa 19 Okutobala. Ine ndinali mwana, koma ndikukumbukira anthu akuluakulu atazungulira kabokosi kaja, ena ochokera ku midzi imene sitinkaidziwa n'komwe, onse ali chete.

Amalume anali ndi mwambo wawo umene sankauphwanya. Masana ankayanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu, ndipo madzulo ankayamba ndi nkhani za ku Maputo, kenaka n'kupotoza kuti amve MBC ya ku Blantyre, ndipo usiku, mphepo ikakhala bwino, ankasakasaka mawailesi akunja. Nthawi imeneyo ya ku Maputo inkayankhula mawu a chipani cholamula cha Frelimo okhaokha, ya ku Blantyre inkatamanda Ngwazi kuyambira m'mawa mpaka usiku, pakuti maiko onse awiri anali a chipani chimodzi. Amalume ankadziwa bwino zimenezo, sanali munthu wonamizika. Ankati ukamvetsera onse, umazindikira chimene aliyense wabisa. Tsiku lina munthu wina anawauza kuti aigulitse wailesiyo agule ufa, popeza imangonena zokomera akuluakulu. Anakwiya kwambiri. Anati munda ukamera udzu suuthawa, umaupalira.

Ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona kupalirako kukuyamba. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 1990 analola zipani zambiri, lamulo la atolankhani linabwera mu 1991, mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife n'kubwerera kwathu. Pa chisankho cha 1994, amalume anamva mawu a Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo imene inkamenyana ndi boma, akupempha mavoti pa wailesi yomwe ija imene kwa zaka zambiri inkawatcha anthu ake zigawenga. Anaitana mudzi wonse kuti udzamve. Sikuti ankamukonda munthuyo, inu mukudziwa zimene zinachitikira banja lathu pa nkhondo ija. Chimene chinawagwetsa misozi n'chakuti wailesi ya dziko inalola Pulezidenti Chissano kuyankhula, inalolanso wotsutsana naye kuyankhula, ndipo woweruza anali iwowo, mlimi wa ku Dómuè.

Tsono, asuweni... dikirani ndikhale pansi... ine sindikuti mwanama. Akuluakulu oyendetsa Rádio Moçambique ndi TVM, kanema wa boma uja, amasankhidwa ndi boma, ndipo boma lakhala m'manja mwa chipani chimodzi kuyambira 1975. Munthu amene wapatsidwa mpando zimamuvuta kutsutsa amene anamupatsa. Pamenepo m'pamene pali nthenda, ndipo ine ndimakhulupirira kuti atsogoleri a nyumba zimenezi anayenera kusankhidwa mwa njira yoti zipani zonse za m'nyumba ya malamulo zikhale ndi mawu, ndiponso kuti asamachotsedwe chifukwa choti nkhani ina sinakomere nduna. Komatu malamulo aakulu a dziko amanena kale kuti zipani zili ndi ufulu wa nthawi yoyankhula pa wailesi ndi kanema wa boma, ija timati tempo de antena, ndiponso kuti zipani zotsutsa za m'nyumba ya malamulo zili ndi ufulu woyankha zimene boma lanena. Ufuluwo ulipo papepala, chosowa ndi anthu oufunsa.

Inu mukuti Facebook ikukwanirani. Chabwino, nanga pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, pamene anthu ankatsatira wotsutsa boma Venâncio Mondlane pa foni ndipo intaneti inadulidwa, munamva kuti nkhani? Nanga azakhali, amene sawerenga Chipwitikizi, foni yanuyo imawauza chiyani? Iwo amadalira nthambi ya Rádio Moçambique ya ku Tete imene imayankhula Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena, kapena amatsegula Zodiak ndi MBC n'kumadziwa za ku Lilongwe kuposa za ku Maputo. Mukaitaya wailesi ya dziko, mwataya azakhali ndi anthu onse a m'midzi, mwawasiyira amene mukumudandaulayo.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti wailesi imeneyo si ya Frelimo, si ya Renamo, si ya Podemos kapena MDM, ndipo si ya Pulezidenti Daniel Chapo ngakhale ali pa mpando. Ndi yanu, ndipo kapepala ka magetsi kamene mwakwiya nakoko ndiye umboni wake. Wovotera chipani cholamula amalipira, wovotera chotsutsa amalipira, ngakhale amene sanavote amalipira.

Choncho musafunse njira yoikanira ndalamayo, funsani chimene mukulandira pa ndalamayo. Pakakhala pologalamu yoimba foni, imbani, nenani dzina la dera lanu, funsani za msewu, za mtengo wa feteleza, funsaninso chifukwa chake mbali inayo sinaitanidwe. Muchite mwaulemu, osati mmene munachitira Lamulungu, pakuti mawu anu aja anamveka mpaka kwa aneba.

Ndibwerezenso, chifukwa inu mumamvetsera ndi khutu limodzi, lina lili pa foni: mwini wake wa wailesiyo ndinu, ndipo mwini sathawa chinthu chake chikapotoka. Madzulo ano pitani kwa bambo anu, mukawapepese, mukamvere nawo nkhani mpaka kumapeto, kenaka muwaonetse zimene foni yanu ikunena, muyerekeze awirinu. Ndipo muwafunse za Xirico ija, ndikukhulupirira kuti ikadali m'bokosi la agogo, ngakhale kapotozedwe kake kanathyoka.