Za silinda hedi ya 5L yomwe ikuchedwa kufika

Achimwene, mwati Hiace yanu ya injini ya 5L yang'aluka silinda hedi (chigawo cha pamwamba pa injini chomwe chimavindikira masilinda), ogulitsa masipeya akuti yatsopano ikuchedwa chifukwa kufakitale yoiumba kukusowa antchito, koma akufuna mulipiretu ndalama zonse. Maganizo anga ndi oti musalipire zonse, ndipo minibasi isagone pakhomo podikira hedi imeneyo.

Pa nkhani ya fakitaleyo mwina sakunama. Hedi ya 5L ndi ya chitsulo, si ya aluminiyamu ngati ya injini ina ya Toyota ija yotchedwa 1KZ. Amasungunula chitsulo mpaka kupitirira madigiri 1,300 n'kuchithira m'chikombole cha mchenga, ndipo chikombolecho n'chakamodzi, amachiswa potulutsa hedi. Njira za madzi zamkati zija amaziumba padera ndi mchenga womata, n'kuziika m'chikombolemo mosamala. Zikangosuntha pang'ono, khoma limodzi limapyapyala, hedi yonse n'kubwerera m'ng'anjo. Mmisiri wa zimenezi saphunzira mwezi umodzi, komanso ntchito yake ndi yotentha ndi yafumbi, moti achikulire akamapuma, achinyamata olowa m'malo amachepa. Anthu akachepa, fakitale imayamba yatumikira oda zikuluzikulu za makampani opanga magalimoto, timaoda ta masipeya a injini zakale n'kukhala kumapeto kwa mzere.

Onjezanipo za kumene ikuchokera. Ku China mafakitale amatseka pa chaka chatsopano chawo, mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo si onse amabwerera pa ntchito nthawi yomweyo. Ku South Africa ng'anjo zamagetsi zinavutika kwambiri ndi kuzimazima kwa magetsi mu 2023. Ikatuluka m'fakitale palinso sitima, doko la Beira, Durban kapena Dar es Salaam, kenako vuto lathu la madola.

Chimene ndimaopa ine si kuchedwako ayi. Fakitale yosowa amisiri ikamathamangira oda, m'chitsulo mumatsala tizibowo ta mpweya tosaoneka ndi maso. Hedi imabwera yowala bwino m'katoni, pakapita miyezi ingapo madzi ayamba kuchepa, paipi ya rediyeta ikuuma gwa ndi mpweya.

Ndiye afunseni mosapita m'mbali: hediyo yaumbidwa kale kapena ayi? Ili m'sitolo ku Johannesburg kapena ku Dubai, ili pa sitima, kapena ikadali papepala? Ngati ilipo, akutumizireni chithunzi chooneka manambala ake. Afotokozenso ngati ikubwera ndi mavalavu ndi kamushafiti kapena yopanda kanthu, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana kutali. Akayankha zomveka, perekani dipoziti yochepa, mulemberane tsiku lofikira ndi zoti likadutsa akubwezerani. Akayamba za "musadandaule bwana", nyamulani ndalama zanu.

Pakali pano funani hedi yogwirapo ntchito ya pa injini zochokera kunja. Musaigule ndi maso okha. Mugwirizane ndi mwini wake kuti ipite kaye kwa a injiniyaringi ku Blantyre kapena ku Lilongwe akaiyeze ndi presha, aone ngati sinapindike, ndipo ikalephera aitenge. Yang'anitsitsani pakati pa mavalavu, injini za mtundu wa L, monga 5L yanuyi, zimakonda kung'aluka pamenepo. Zowotcherera yakaleyo sindikulimbikitsani, chitsulo chotere chimang'alukanso pambali pa pomwe awotcherera.

Musanamange, pezani chomwe chinatenthetsa injini. Rediyeta itsukidwe, chivindikiro chake chisinthidwe, fani aione ngati ikugwira injini ikatentha. Ngati makanika wina anachotsa thermostat, kavalavu kowongolera kayendedwe ka madzi malinga ndi kutentha kwa injini, kabwezeretseni. Gasiketi ya 5L imabwera m'makulidwe osiyana, ndiye makanika ayeze kaye mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko asanagule, ndipo mabawuti a hedi amange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, motsata ndondomeko yake.