Injini pa njinga yakapalasa: yambani mwaona tayala lakumbuyo

Achimwene a ku Mitundu funso lanu ndaliona, loti muli ndi njinga yakapalasa ija ya 28 ndipo mukufuna kumangapo injini ya pampu yothirira yomwe ikungokhala m'nyumba, kuti muzibwera nayo m'tauni ndi ndiwo zamasamba mwinanso kumagwirako kabaza masana. Mwafunsanso za mtengo ndi za mapepala. Za mapepalazo fikani nokha ku Road Traffic akakuuzeni ndi pakamwa pawo musanaononge ndalama, ine ndiyankha za zitsulo poti ndi zomwe ndimagwira.

Injini ya pampuyo isiyeni izithirira dimba. Ndaona ena ayankha kale kuti ingowotchererani pa kaliyala basi iyenda, aaa amenewo akungoyankhula, sanayambe ainyamulapo injiniyo ndi manja. Zambiri zomwe zili m'madimbamu ndi zija za 5.5 kapena 6.5 hp, zimalemera makilo 15 kapena kuposerapo, ndiye tangoganizani kulemera konseko kuli pamwamba kumbuyo kwanu, njinga ikangopendekeka pang'ono pamchenga simungaibweze. Komanso ilibe kilatchi, ikangolira shafiti yayamba kale kuzungulira, ndipo imazungulira ka 3,600 pa mphindi pomwe tayala la 28 likamathamanga makilomita 35 pa ola limangozungulira ka 260 chakuti. Kuti mutsike kuchoka pa 3,600 kufika pamenepo sipuloketi imodzi singakwanitse, pafunika shafiti ina yapakati ndi mabelingi ake, matcheni awiri, kilatchi yogula padera, kenako mupeza kuti shafiti ya pampuyo kumapeto kwake kuli matiredi omangirapo impela ndiye kilatchiyo sikulowa mpaka mupite nayo kwa a leyifi, aja osema zitsulo pa makina. Mukamamaliza zonsezo ndalama yapita yambiri ndipo felemu ya njinga yatha ndi moto wowotcherera.

Chomwe chimakhala bwino pa njinga ndi kainjini ka 2 stroke kochokera ku China kaja kamabwera m'katoni ndi zonse, thanki ya malita awiri, kabuleta, ekizozi, CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi), tcheni cha 415, sipuloketi ya mano 44, chogwirira cha kilatchi ndi mawaya ake. Pakatoni amalemba 80cc koma kwenikweni ndi 66cc, musakangane naye wogulitsa ndi mmene amazitchulira konsekonse. Kaliponso ka 49cc koma poti inu mukunena za katundu tengani kakakuluko. Zonse pamodzi ndi makilo 10 kapena 11, ndipo kamakhala pansi pakati pa felemu ndiye njinga siyipepuka mutu. Mtengo pa intaneti umayenda madola 100 mpaka 150 chapamenepo musanawerengere zotumizira ndi msonkho wa MRA, amene ali ndi abale ku Joni amazipeza cha m'ma R2,500 kapena R3,000 nkuzikweza pa basi. Mu kwacha muwerengetse nokha tsiku logulalo chifukwa chigwereni ndi 44% mu Novembala 2023 mtengo wa lero sukhala wa mawa. Ndipo pamwamba pa ndalama ya injiniyo sungani inanso pafupifupi theka lake, imeneyo ndi ya njinga yeniyeniyo, ndipo apa mpamene ndikufuna mundimvetsetse.

Musanatumize ndalama kulikonse, gwadani muwerenge masipoko a tayala lakumbuyo. Sipuloketi ya injini simangidwa pa habu ayi, imapanidwa pa masipoko penipeni ndi malabala awiri, tizitsulo ndi mabawuti 9, ndipo mabowo 9 amenewo anawapangira tayala la masipoko 36. Njinga zambiri za 28 zachikale zija, za mtundu wa Hero ndi Phoenix, kumbuyo zimakhala ndi masipoko 40, ndiye mabawuti ena amagunda pa sipoko, munthu nkumakakamiza, sipuloketi nkukhala mopendama. Ikapendama tcheni chimakungika mbali ina nkukhwepa mbali ina pa kuzungulira kulikonse, ndipo mphamvu yonse ya injini ikukoka masipoko opyapyala omwe anapangidwira miyendo ya munthu. Ngati ndi 40 mangitsani tayala lina la 36, limu yolimba, masipoko onenepa a geji 12, kwa munthu wodziwadi kuwongola limu osati aliyense wokhala ndi sipanala pansi pa mtengo. Onaninso mabuleki. Ngati ndi a ndodo aja, ndodo ya buleki yakumbuyo imadutsa m'mbali mwa paipi yotsika kuchoka ku mahandulo kupita ku mapedulo, pomwepo ndi pamene injini imamangidwa kutsogolo kwake, ndiye zimalimbana malo. Ndaonapo wina atangochotsa ndodoyo kuti injini ilowe nkumayenda ndi buleki yakutsogolo yokha, chonde inu musayerekeze. Felemu ikhale yachitsulo, yopanda mng'alu pomwe mapaipi akumana, ndipo musalole munthu kuiboola ndi dirilo kuti amangepo injini, pabowo pamenepo mpamene imadzathyokera.

Tsopano chinthu chimene chandipangitsa kuti ndilembe zonsezi ndi kagudumu kakang'ono koyera kokungira tcheni, kamene amati tensioner. Kamabwera m'katoni momwemo, ka pulasitiki, kali pa kachitsulo komwe kamangopana paipi yopyapyala ya pafupi ndi tayala lakumbuyo ndi mabawuti basi. Paipiyo ndi yozungulira ndipo imanka ichepa chakumbuyo, tcheni chikukoka, injini ikunjenjemera, palibe chomwe chikuletsa kachitsuloko kutembenukira mkati, ndipo mkatimo ndi momwe muli masipoko.

Mlamu wanga anagula yake kudzera kwa munthu wochokera ku Joni, makaniko wina anammangira bwinobwino, imalira mokoma moti anthu pamsika amachita kuizungulira. Tsiku lina akuchokera kumudzi cha ku Nsundwe ndi thumba la mtedza kumbuyo, potsetsereka kulowera pa kamlatho pamsewu wafumbi, kagudumu kaja kanalowa m'masipoko. Tayala linaima nthawi yomweyo, iye anauluka kudutsa pa mahandulo nkukagwera phewa, fupa la paphewa linathyoka, nkhope mbali imodzi yonse inasupuka. Ndinapita kukatenga njingayo ndi ngolo iye ali kuchipatala. Masipoko oposa khumi anali atadukira pa habu, limu itapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, ndipo nditayang'ana pa paipi paja ndinaona penti itapalika mozungulira, kamzere kowala kosonyeza kuti kachitsuloko kanakhala kakusuntha pang'onopang'ono kwa nthawi ndithu popanda woona. Zinachitika mvula ili pafupi, chaka chimenecho munda wake tinalima ndife chifukwa khasu samatha kulikweza, mpaka pano dzanjalo silifika bwino pamwamba. Munthu wa ana anayi. Ndiye ndikamaona anthu akungokambirana za liwiro, kuti ikani sipuloketi ya mano 36 izithamanga makilomita 50 pa ola, mtima umandiwawa, palibe ndi mmodzi yemwe amene watchulapo kagudumu kameneka.

Chochita chake nchosavuta. Dulani tcheni chikhale chachifupi moti kagudumuko kasamagwire ntchito yaikulu, pakati tcheni chizisewera sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka basi. Kenako pitani kwa owotcherera akudulireni chitsulo chafulati chochindikala bwino, chichoke pa paipi yapansi kufika pa paipi yokwera kumpando, chigwire malo awiri, kagudumuko kamangidwe pa chitsulo chimenecho. Chogwira malo awiri sichingatembenuke. Ine ntchito zoterezi ndimapita nazo ku Biwi ku Lilongwe, kuli anyamata odziwa moto ndipo ukawafotokozera amamva msanga, koma khalani pomwepo akamagwira, muwauze kuti paipi ya njinga ndi yopyapyala asaikepo moto wa geti. Kaloko kolumikizira tcheni, mbali yake yotseka iyang'ane komwe tcheni chikupita. Mukamaliza kwezani tayala, gwirani kilatchi, lizungulitseni ndi dzanja mukuyang'ana kuchokera kumbuyo, tcheni chiziyenda mowongoka osapita uku ndi uku. Chikamagwedera masulani mabawuti 9 aja muyambirenso, kumanga pang'onopang'ono modumphitsa, lina uku lina kutsidya, ngakhale zikutengereni tsiku lonse.

Mabuleki ndiye musanyengerere. Njinga imeneyi iziyenda 35 mpaka 40 pamalo abwino, pomwe mabuleki a ndodo pa limu yachitsulo kukagwa mvula amangotsetsereka. Ndipo injini ya 2 stroke simungaidalire kuti ikugwirireni potsika, chifukwa oyilo wake amalowa limodzi ndi petulo, mukatseka mafuta nkumatsika mtunda wautali tayala likuzunguza injini ndiye kuti pisitoni ikuyenda mouma. Potsika mumagwira kilatchi, kutanthauza kuti zonse zatsalira mabuleki, inu, injini ndi matumba. Ngati mungapeze felemu ya mountain bike yakale yachitsulo ya kaunjika, ya matayala 26 ndi ma V brake kutsogolo ndi kumbuyo, bola imeneyo, zambiri zimakhala kale ndi masipoko 36. Ya 28 yanuyo muisunge yopalasa.

Za mafuta. Oyilo ndi wa 2T, yemwe uja timathira mu tijenereta ta Tiger, osati oyilo wa galimoto ndipo osati wakuda wokhetsedwa ku galaja ngakhale wina akuuzeni kuti amatero. Injini ikadali yatsopano, matanki atatu kapena anayi oyamba, thirani 60 ml pa lita imodzi ya petulo, muziyenda pang'onopang'ono osapitirira 25, osakoka mafuta mpaka kumapeto, osanyamula katundu, ndipo muziipumitsa ikatentha. Ikazolowera tsikirani pa 40 ml pa lita. Gulani sirinji yaikulu ku famase muziyezera, zoyeza ndi maso kapena ndi chitsekerero cha botolo zimapha pisitoni. Sakanizirani m'chigubu, khutchumulani, kenako muthire mu thanki. Kapaipi ka mafuta kobwera m'katoni kaja katayeni tsiku lomwelo mugule ka njinga yamoto, petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa ndiye kapulasitiki kameneko sikachedwa kuuma nkuyamba kudontha, pansi pake pali injini yotentha. Ikaniponso kafyuluta, thanki zimenezi zimabwera ndi tizinyalala mkati. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu nthawi ya mizere ija mupeweni ngati nkotheka, wina amakhala wothira palafini. Lita imodzi imakufikitsani makilomita 35 kapena 40 kutengera katundu ndi mtunda.

Pulagi yobwera nayo ndi yosadalirika, sakani NGK B6HS ndipo ina izikhala m'thumba pamodzi ndi sipanala ya 10. Mabawuti omangira injini ndi ofewa, amaduka okha ndi kunjenjemera, asintheni muike olembedwa 8.8 pamutu, m'mashopu a hardware a ku Malangalanga amapezeka, ndi manati aja a pulasitiki mkati. M'mawa uliwonse musanakwere zungulirani njinga yonse ndi sipanala, gwedezani kagudumu kaja ndi dzanja, dinani masipoko awiriawiri mumve ngati lina lakhwepa. Madigadi akutsogolo achotseni kapena awonjezereni zomangira, kachitsulo kake kakaduka amakulungika pa tayala ndipo kugwa kwake nkoipa kuposa kwa mlamu wanga. Fumbi la Okutobala limatseka kasiponji ka mpweya msanga, muzikachapa sabata iliyonse nkukadontheza oyilo pang'ono. Helimeti gulani yeniyeni ya njinga yamoto, ndipo buluku lomasuka mulipinde mbali ya tcheni.

Za kabaza ndiye ayi achimwene, ndikukanizani poyera. Kunyamula matumba awiri a repu ndi tomato pang'ono zitheka, koma kukweza mayi wobereka mwana kumbuyo pa tayala lomwe likukokedwa ndi masipoko, phazi lake lili pafupi ndi tcheni chosaphimba, ine sindingakuuzeni kuti chitani. Kilatchi yakenso ndi ya timalabala ting'onoting'ono, kuimaima kwa kabaza kumaimaliza msanga. Ngati cholinga chenicheni ndi kabaza pitirizani kusunga ndalamazo mudzagule njinga yamoto yogwiritsidwapo kale ntchito, ya felemu ndi mabuleki opangidwira zimenezo.

Jambulani njingayo chammbali ndi pafupi pa habu yakumbuyo, muyezenso ndi tepi kuchoka pomwe pali mapedulo kufika pa paipi yapamwamba, munditumizire limodzi ndi nambala ya masipoko, ndikuuzani ngati injini ilowe kapena musake felemu ina musanalipire kalikonse.