Mafunso anu a Chichewa: za mafilimu a makauboyi

Sabata ino mafunso angapo abwera okhudza mafilimu akale aja a anthu a zipewa zikuluzikulu ndi mfuti m'chiuno, ndiye ndangowaika pamodzi basi.

Bambo wina wa ku Zomba akufunsa: "Mwana wanga analemba kuti amakonda mafilimu akumadzulo, akutanthauza ma Western. Chimenechi ndi Chichewa cholondola?"

Bambo, mwanayo sanalakwitse galamala ayi, vuto ndi loti munthu akamva "akumadzulo" amaganiza za mayiko onse a azungu, ndiye filimu iliyonse ya ku America kapena ku Ulaya yalowa momwemo, yachikondi, yankhondo, yamizukwa, zonse. Kumadzulo kumene dzinali likunena ndi chigawo cha kumadzulo kwa dziko la America m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene azungu ankakhamukira kumeneko kusaka malo ndi golide, njanji ikumangidwa, eni nthaka akulandidwa malo awo. Muuzeni azingoti mafilimu a makauboyi, aliyense amva. Komanso ena mwa otchuka kwambiri sanajambulidwe n'komwe ku America, Sergio Leone, wotsogolera kujambula mafilimu otere, anali Mtaliyana ndipo zipululu zambiri zimene mumaziona mu A Fistful of Dollars ya 1964 ndi For a Few Dollars More ya 1965 ndi za ku Almería, ku Spain.

Mayi wina wa ku Chipata akuti: "Bwanji osangoti m'busa wa ng'ombe m'malo mobwereka mawu?"

Amayi, ntchito yeniyeni ya anthu amenewa inalidi ng'ombe, ankazikusa mtunda wautali kuchokera ku Texas kukafika ku masiteshoni a sitima ku Kansas, ndipo mukafuna kuona ntchitoyo onerani Red River ya 1948 ya John Wayne, mmenemo ng'ombe ndi mbwee. Koma mukati m'busa ife timaona mnyamata ali kudambo ndi chikwapu, kapena abusa a kutchalitchi, pomwe munthu amene Clint Eastwood amasewera m'mafilimu a Leone saweta ndi mbuzi yomwe, iye zake n'kusaka ndalama ndi mfuti. Mawu obwerekawa akhale. Chimene ndingapemphe ndi kalembedwe, muzilemba kauboyi osati kaboyi, chifukwa kaboyi likumveka ngati ka boyi kakang'ono, mawu aja atsamunda ankaitanira antchito apakhomo. Kauboyi uyu, makauboyi awa.

Tsopano funso limene landisangalatsa, la achimwene ena okhala ku Johannesburg: "Tinatsutsana ndi anzanga, The Good, the Bad and the Ugly tingaitchule bwanji m'Chichewa? Ine ndinati Wabwino, Woipa ndi Wonyansa koma anzanga anaseka."

Achimwene, anzanuwo anaseka chifukwa kunyansa kwa ife kumapita patali, kumafika ku uve ndi kununkha, chinthu choti ukachiona mseru. Chovuta china n'chakuti woipa m'Chichewa amanyamula zonse ziwiri, timati munthu woipa mtima komanso timati woipa nkhope, ndiye mukangoti woipa simunasiyanitse anthu awiriwo. Ine ndingati Wabwino, Woipa Mtima ndi Woipa Nkhope, ndipo ikukoma kutchula. Woipa mtimayo ndi Angel Eyes, amasewera Lee Van Cleef, munthu woti akalandira ndalama kuti aphe amapha ndithu osaphethira. Woipa nkhope ndi Tuco wa Eli Wallach, wakuba, wabodza, wolongolola, koma ndi amene amakuseketsa filimu yonse ndipo mapeto ake umayamba kumumvera chisoni. Wabwinoyo ndi Blondie wa Clint Eastwood, ngakhale ubwino wake ndi wokayikitsa, iyeyu ndi Tuco anali ndi kabizinesi koti Blondie amamupereka Tuco kwa apolisi n'kulandira mphotho, kenako pomwe akumupachika amawombera chingwe n'kuthawa naye kukachita zomwezo tawuni ina. Filimuyi ndi ya 1966, nkhani yake ikuchitika mkati mwa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, atatuwa akulimbirana golide wokwiriridwa kumanda. Ndi yaitali, pafupifupi maola atatu, koma chigawo chakumanda chija, atatu aima moyang'anizana palibe wolankhula, kamera ikungoonetsa maso ndi zala pafupi ndi mfuti, nyimbo ya Ennio Morricone ikukwera, musamachidumphe ngakhale magetsi atatsala pang'ono kuzima.

Wina wafunsa mwachidule: kavalo kapena hatchi? Onse ndi olondola. Kavalo tinatenga ku Chipwitikizi, hatchi likufanana ndi ihhashi la Chizulu. Chenjerani ndi mgwirizano wa mawu basi, kavalo wanga wathawa, akavalo awa, koma hatchi yanga yathawa, mahatchi awa. "Hatchi wanga" ayi. Chimodzimodzi kanema uyu koma filimu iyi.

Mphunzitsi wina wa ku Mzuzu akufunsa kusiyana kwa kuwomba ndi kuwombera, akuti ana asukulu amasakaniza akamafotokoza mafilimu amenewa.

Aphunzitsi, timawomba mfuti, timawombera munthu. Anawomba mfuti m'mwamba, anawombera mbava pamwendo. Akakhala awiri aliyense akuloza mnzake ndiye akuwomberana. Mwana akalemba kuti "anamuwomba" ife timamva kuti anamugunda, mwina ndi galimoto kapena khofi, ndipo akalemba "anawombeza" ndiye wapita kwa asing'anga. Muwapatse High Noon ya 1952 ayeserepo, ndi yaifupi, siifika ola ndi theka. Gary Cooper ndi Will Kane, mkulu wachitetezo m'tawuni amene wangokwatira kumene, ndiye kwabwera uthenga woti chigawenga chimene anachimangitsa chikubwera pa sitima ya 12 koloko masana, iye akuyenda khomo ndi khomo kupempha anthu amuthandize koma aliyense akupeza chifukwa, wotchi ikungoyenda. Dzina lake m'Chichewa silivuta n'komwe, Dzuwa Lili Paliwombo.

Lomaliza lachokera kwa mtsikana wina wa ku Ndirande, akuti agogo ake amati "ekita safa" ndipo iye amadabwa poti onse a mufilimu ndi ma ekita.

Achemwali, agogo akulankhula Chichewa cha ku vidiyo sho, kumeneko ekita ndi mmodzi yekha, ngwazi ya filimuyo, enawo ndi adani ndi anyamata awo. Tengani Once Upon a Time in the West ya 1968. Henry Fonda anthu anamuzolowera akusewera munthu wachilungamo, koma Leone anamupatsa gawo la Frank, chigawenga chimene koyambirira kwenikweni chimapha banja lonse mpaka kamwana. Kwa agogo anu Fonda mmenemo si ekita, ekita ndi Charles Bronson, uja woliza kachitoliro kapakamwa amene salankhulalankhula. Pocheza nenani ekita mmene agogo amanenera, palibe cholakwika. Koma polemba ya kusukulu, Fonda ndi Bronson onse ndi osewera mufilimu, ndipo Bronson ndiye mwininkhani.