Mwana akufuna za m'nyanja, bambo ake akuti unesi basi

FUNSO: Zikomo anti. Ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Mwana wanga wamkazi akulemba matric, mayeso omaliza sekondale, chaka chino ndiye akuti akufuna akaphunzire marine biology, za zamoyo zam'nyanja. Bambo ake zawakwiyitsa, akuti nsomba tinazisiya ku Mangochi, iwo amafuna akhale nesi azithandiza odwala. Kodi maphunziro amenewa ali ndi phindu kwa wodwala? Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi, mwanayo za chipatala sakuzithawa ayi, akungolowera khomo lina.

Muwauze bambo ake kuti mankhwala otchedwa cytarabine, omwe madokotala akhala akupereka kwa odwala khansa ya m'magazi kuyambira 1969, nzeru yake inachokera ku siponji yam'nyanja ya Caribbean yomwe wasayansi Werner Bergmann ankaifufuza m'ma 1950. Ana ambirimbiri ali moyo lero chifukwa cha kanthu koti mutakaona pamwala simungakatole nkomwe.

Palinso nkhono ina yomwe imabaya nsomba ndi poizoni, asayansi anaufufuza poizoniyo mpaka anapanga ziconotide, mankhwala oletsa ululu woopsa uja woti ngakhale morphine wakanika, ndipo ku America anawavomereza mu 2004. Olo jakisoni ndi katemera timabayitsa kukilinikiyu, ambiri amayamba ayesedwa kaye ndi magazi abuluu a horseshoe crab, chamoyo chonga nkhanu, kuti aone ngati mulibe poizoni wa mabakiteriya.

Koma ine chimandikhudza kwambiri ndi cha konkuno. Mu 1988 asayansi analengeza za kemikolo yotchedwa cephalostatin 1 yomwe anaipeza mu kanyongolotsi kam'nyanja ya ku South Africa, mu labu imapha maselo a khansa mwamphamvu zedi koma mpaka lero sinafike kuchipatala, vuto lina nloti mu kanyamako imapezeka yochepetsetsa. Ntchito ngati imeneyi ikudikira ana ngati wanuyu.

Sindikunamizani, ntchito zake sizipezeka msanga ngati za unesi ndipo ambiri amafunika apitirize mpaka masters, nkhawa ya bamboyo ndiyomveka. Ngati mtima wa mwanayo uli pa mankhwala alimbikire masamu ndi sayansi, ndipo ku yunivesite asasiye chemistry. Afufuze ku yunivesite ya UCT ku Cape Town komanso ya Rhodes ku Makhanda, afunsenso bwinobwino za fizi ndi mapepala ake, poti mabasale ambiri kuno amafuna nzika. Kenako mukhale pansi nonse atatu, afotokoze yekha pamaso pa bambo ake.