Kujambula tchopa mawu n'kumamveka

Funso: Ndine mphunzitsi ku Luchenza. Ndikusonkhanitsa nyimbo ndi zikhulupiriro za makolo, koma ndikajambula tchopa pafoni zimangomveka ng'oma. Nditani?

Yankho: Aphunzitsi, ng'oma imameza mawu mukaima pafupi nayo. Imani kumbali kwa otsogolera nyimbo, ng'oma zikhale kumbuyo kwanu, ndipo kutani maikolofoni ndi kasiponji kuti mphepo isasokose. Gule akatha, khalani pakhonde ndi agogo awiri kapena atatu ayimbenso popanda ng'oma, mzere ndi mzere. Apa ndiye pagona ntchito, chifukwa nyimbo zambiri za tchopa zili m'Chilhomwe chakale chimene achinyamata amangotsatira osamva tanthauzo. Lembani mawuwo momwe awatchulira, musawakonze. Onjezani tsiku, mudzi ndi mwambo umene nyimboyo imayimbidwa. Tchopa analembedwa mu 2014 pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, koma mudzi uliwonse uli ndi kayimbidwe kake.

Yambirani kwa amfumu. Nyimbo za kuchinamwali musajambule anankungwi asanalole.

Pa zikhulupiriro, monga za mizimu ya ku Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, musafunse kuti "n'zoona?" Akulu amangotseka pakamwa. Funsani kuti anawauza ndani, ndipo wolakwira miyamboyo chimamuchitikira n'chiyani.

Kope lanu sungani m'jumbo, chiperoni chimanyowetsa mapepala.