Za mfuti ndi mipeni imene anasiya bambo anu

Achimwene pepani ndi maliro. Mwati madala anasiya shotigani ndi mipeni yawo yosakira kunyumba ku Chibavi ndiye mukufuna kudziwa ngati mungangosunga zonse ngati chikumbutso. Mipeniyo sungani palibe vuto, koma mfutiyo musaikhalire chete. Laisensi ya mfuti imakhala ya munthu amene dzina lake lili papepalapo, siyenda limodzi ndi chuma chamasiye, ndiye apolisi akadzaipeza m'nyumba mwanu zoti "inali ya bambo" sizikupulumutsani, lamulo la mfuti lija, Firearms Act ya 1967, likugwirabe ntchito. Pitani ku polisi ya Mzuzu ndi mapepala a mfutiyo, chikalata cha imfa ndi ID yanu, koma mfutiyo isiyeni kaye, musakwere nayo kabaza mutaikulunga m'chitenje chonde, akakuuzani okha mmene ifikire kumeneko. Mukafuna ikhale yanu mupempha laisensi m'dzina lanu, nkhani zake zimakathera ku likulu ku Area 30 ndipo chaka chilichonse mumakakonzetsanso.

Podikira zonsezo muziyitenga ngati muli chipolopolo ngakhale wina alumbire kuti mulibe. Ikhale m'bokosi lachitsulo lokiya, zipolopolo kwina kokiyanso, makiyi m'thumba mwanu. Pamwamba pa wadiropu ayi, ana amadziwa zili kumeneko kuposa inu. Ndipo ngati mumaganiza zoti mudzaponyere gwape cha ku Vwaza kapena Nyika iwalani, lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ina mpaka zaka 30 kundende.

Tsopano mipeni, apa mdani ndi nyengo yathu ya Mzuzu ino, chinyezi chake mpeni umagwira dzimbiri uli m'nyumba momwemo, makamaka yakale ija yachitsulo chakuda imene si stainless. Ichotseni m'zimake zachikopa lero lomwe, chikopa chimamwa chinyezi n'kumadyetsa mpeni pang'onopang'ono inu mukuti mwasunga bwino. Pukutani iume, pakani timafuta ta mashini osokera pang'ono chabe, kukulunga m'kansalu kouma basi. Mafuta ophikira musayerekeze, amamata kenako kununkha. Ngati pali kale dzimbiri lofiira tengani steel wool yofewa ndi mafuta omwewo muzipukuta mofatsa, koma kuda kuja kwa ukalamba kusiyeni, kumateteza chitsulo ndipo ine ndimaona kuti ndiko kukongola kwake.

Chimene chimandipweteka ndi anthu opita ndi mpeni wotere kwa anyamata a grinder mumsika, mphindi imodzi chitsulo chatentha chasanduka bluu, sudzagwiranso kuthwa. Nolani pamwala ndi madzi, mbali zonse mofanana, osathamanga. Zigwiriro zamtengo kapena zanyanga musaviike m'madzi zimang'aluka, ndipo nayonso mipeniyo muyikiyire, kukhitchini ikangolowa mawa muipeza akusendera chinangwa.